Gitala ya magetsi m'bwalo la magule a ku France

Munthu akatchula nyimbo za ku France pakati pathu kuno ku Harare, ambiri amaganiza za woyimba wodandaula za chikondi akodiyoni ikulira pambali pake, kapena za anyamata a rap a ku Paris ndi ku Marseille. Ndi ochepa amene amadziwa kuti dziko limenelo lili ndi magule a kumudzi, ovinidwa anthu atagwirana manja, ndiponso kuti kwa zaka zoposa 50 tsopano pakhala magulu oyimba amene amatenga nyimbo za magulewo n'kumaziyimba ndi gitala ya magetsi, besi ndi ng'oma za bandi. Ine nyimbozi ndinazidziwira kwa msuweni wanga amene akuchita maphunziro mumzinda wa Rennes, yemwe amanditumizira timavidiyo pa WhatsApp akapita kokavina, ndipo zina ndakhala ndikuzifunafuna ndekha pa YouTube. Pomvetsera ndaona kuti mwa magulu onsewa, amene amayimba zogwira mtima ndi amene amaopabe ovina. Gulu likazolowera kuyimbira anthu ongoimirira n'kumagwedeza mitu, gitala imameza gule, ndipo chimene chimatsala ndi rock wamba yemwe angomuthira chitoliro pamwamba.

Kwawo kwenikweni kwa mayimbidwe amenewa ndi ku Bretagne, chigawo cha kumadzulo kwa France chimene chinalowa m'nyanja ya Atlantic. Kumeneko kuli mwambo wa fest-noz, usiku wa magule. Kale alimi ankavina akamaliza ntchito yothandizana, monga kukumba mbatata, ndipo pokonza dwale latsopano lopunthira tirigu ankaitana mudzi wonse kuti uvinirepo mpaka dothi litsendereke. Mwambowu unazilala makina atalowa m'minda, koma m'zaka za m'ma 1950 woyimba wina, Loeiz Ropars, anautsitsimutsa ku Poullaouen pouchotsa pabwalo la famu n'kuulowetsa m'holo, momwe aliyense akanatha kulipira pakhomo n'kuvina nawo. Mu 2012 bungwe la UNESCO linaika fest-noz pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu, momwe mulinso Gule Wamkulu ndi Mbende Jerusarema, ndipo zolemba zake zimanena kuti ma fest-noz pafupifupi 1,000 amachitika chaka chilichonse.

Kavinidwe kake n'kosiyana kwambiri ndi kathu, chifukwa chiuno chimakhala duu ndipo ntchito yonse ili m'mapazi ndi m'mikono. Pa gule wa an dro anthu amakolana tizala takumapeto, mzere n'kumayenda cha kumanzere, mikono ikupindika kutsogolo n'kubwereranso pa kuwerenga kanayi. Pa hanter dro amagwirana mikono mothinana, ndipo sitepe yake imatha pa kuwerenga katatu. Pa gavotte sitepe imatenga kuwerenga kasanu ndi katatu, ndipo dera lililonse lili ndi malo akeake pamene phazi limasinthira mwachangu kapena kulendewera m'malere. Pa plinn masitepe ndi ang'onoang'ono, mapazi amatera athyathyathya, moti holo yonse imamveka mgugu umodzi. Mumzere umodzi mumapezeka agogo a zaka 80, mtsikana wa ku yunivesite ndi mwana wa ku pulayimale, ndipo popeza onse ndi olumikizana, munthu mmodzi akaphonya sitepe anzake a mbali zonse ziwiri amamva m'mikono mwawo. Ichi n'chifukwa chake woyimbira gule wotereyu alibe mpata wochita zofuna zake: akathamangitsa nyimbo kapena akaika kugunda pamalo polakwika, mzere wa anthu mazana umasokonekera pamaso pake.

Oyimbira magulewa mwamakolo ali amitundu iwiri. Oyamba ndi oyimba pakamwa popanda chida, awiri kapena atatu, m'njira imene amaitcha kan ha diskan. Wotsogolera amayimba mzere, mnzake n'kuubwereza, koma wobwerezayo amalowa mnzake asanamalize, n'kuyimbira limodzi mawu otsiriza, kotero kuti nyimbo siduka ngakhale kamodzi ndipo wina amapuma mnzake akuyimba. Amayi atatu apachibale a banja la Goadec ndi abale a banja la Morvan anatchuka ndi kayimbidwe kameneka. Achiwiri ndi oliza zitoliro, nawonso awiri. Wina amaliza bombarde, chitoliro cha mtengo chokhala ndi timabango tiwiri kukamwa, chimene chimalira mokweza kwambiri koma chimatopetsa milomo, moti mwini wake amaliza mzere umodzi n'kupumira wotsatira. Mnzake amaliza biniou, chitoliro cha thumba lachikopa chimene sichileka kulira, ndipo mawu ake ndi apamwamba kuposa a bombarde. Amene anamvapo zida ziwirizi sadabwa kuti anyamata a rock anazikonda, pakuti bombarde imaboola phokoso la gitala popanda kupempha chimkuzamawu.

Amene anatsegula njira ndi Alan Stivell, ndipo mbiri yake iyenera kutikhudza ife ana a anthu obwera kuchokera ku Malawi. Iye anabadwa mu 1944 ku Riom, kutali ndi Bretagne, ndipo anakulira ku Paris pakati pa mabanja a ku Bretagne amene anapita kumeneko kukafuna ntchito. Bambo ake anasema zeze wamtundu wa Celtic, chida chimene chinali chitaiwalika kwawoko kwa zaka mazana, ndipo mwanayo anayamba kumuyimba mu 1953. Bombarde ndi chitoliro cha thumba anaphunzirira ku Paris komweko, m'gulu la achinyamata lotchedwa Bleimor. Pa 28 February 1972 anayimba m'holo ya Olympia ku Paris, wailesi ya Europe 1 ikuulutsa, ali ndi Dan Ar Braz pa gitala ya magetsi, Gabriel Yacoub pa zida za nsambo, komanso woyimba ng'oma za bandi. Chimbale cha usiku umenewo chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi, ndipo achinyamata amene ankachita manyazi ndi chiyankhulo cha agogo awo anayamba kudzaza ma fest-noz. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: mwana wokulira kuchilendo ndiye anaona mtengo wa zinthu zimene eni mudzi ankazitaya. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Dastum, limene linayamba kusonkhanitsa matepi a nyimbo za okalamba, ndipo oyimba ambiri a lero amakatapa nyimbo m'nkhokwe imeneyo.

Gabriel Yacoub atasiyana ndi Stivell anayambitsa gulu la Malicorne mu 1973 pamodzi ndi Marie Yacoub, Hughes de Courson ndi Laurent Vercambre. Iwowa anatenga nyimbo zakale za m'Chifalansa za m'zigawo zosiyanasiyana, naziyimba ndi mawu olukana bwino, zida zamakedzana ndi besi ya magetsi. Ndi nyimbo zokoma, koma zambiri n'zomvera munthu atakhala pansi. Gulu la Tri Yann la ku Nantes linayimba kwa zaka 50, mpaka mu 2021, ndi zovala zake za zisudzo. Pambuyo pake panabwera Soldat Louis a ku Lorient, Red Cardell a ku Quimper, ndi Matmatah a ku Brest, amene chimbale chawo cha 1998 chinawanda dziko lonse ndi magitala oyimba timizere ta magule. Sindikuwanyoza, koma awa ndi magulu a pansanja, ndipo gule kwa iwo ndi chokometsera chabe. A Matmatah eni ake sanachedwe kusiya zimenezo n'kumayimba rock yekhayekha.

Gulu limene ndimalilemekeza kuposa onse ndi Ar Re Yaouank, limene abale awiri, Fred ndi Jean-Charles Guichen, analiyambitsa mu 1986 asanakwanitse zaka 20. Fred ankayimba akodiyoni ya mabatani, Jean-Charles gitala yopanda magetsi, ndipo pambuyo pake anawonjezera bombarde, biniou ndi besi ya magetsi. Ng'oma za bandi analibe. Komabe aliyense amene wamva zimbale zawo amavomereza kuti ukali wa rock ulimo wathunthu, chifukwa gitala inkakwapulidwa ngati chida chogunda, besi inkatsindika pomwe phazi likutera, ndipo zitoliro zinkalandirana mosapatsana mpata. Anyamatawa anakulira m'ma fest-noz ndipo ankadziwa gavotte ndi plinn ndi miyendo yawo, choncho sanafunike kubwereka kugunda kwa chamba china. Anatenga mphamvu ndi maimidwe a bandi ya rock n'kuziika pansi pa ulamuliro wa sitepe. M'zaka za m'ma 1990 ankadzaza maholo ndi achinyamata amene kale akanapita ku disiko, ndipo ngakhale gululi linatha mu 1998, pafupifupi gulu lililonse loyimbira fest-noz lero lili ndi kanthu kamene linatengera kwa iwo.

Vuto lenileni lili pa ng'oma za bandi. Woyimba ng'oma wa rock anaphunzitsidwa kuwerenga kanayi n'kumakhadzula kang'oma kake pa kuwerenga kwachiwiri ndi kwachinayi, ndipo dzanja lake limachita zimenezo ngakhale ali m'tulo. Pa an dro ndi pa plinn, amene nawonso amawerengedwa kanayi, zimatha kugwirizana, ngakhale kuti plinn amafuna kugunda kofanana kosadumphadumpha. Koma pa hanter dro, amene amatha pa katatu, kapena pa gavotte, amene kukoma kwake kuli pa kaphazi kosinthira pakati pa mzere, kukhadzula kumeneko kumagwera pamalo pamene wovina akufuna kupepuka. Nyimbo imamveka yamphamvu kwa womvera pa foni, koma kwa amene ali mumzere imalemera, ndipo magule osiyana amayamba kumveka ngati gule mmodzi.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino tsiku lina Lamlungu ku Mufakose, kwa atsibweni anga, amene ali mnyamata ankaomba mbalule pa famu ya fodya cha ku Mazowe. Tinali pakhonde, ndipo ndinawaikira kavidiyo ka gulu lina limene sindilitchula, lokhala ndi ng'oma zonse za bandi, likuyimbira anthu gavotte.

"Atsibweni, tamverani izi, mundiuze ngati wa ng'omayu akuidziwa ntchito."

Anaigwira foniyo patali ndi maso, nayang'ana kanthawi, kenaka anati, "Tabwezera poyamba paja, iwe." Nditabwezera anapukusa mutu. "Mwanayu mphamvu ali nazo, koma sakuyang'ana miyendo ya anthu. Wa mbalule maso ake amakhala pa phazi la wovina. Phazi likatera, dzanja latera. Uyu akudziombera yekha, anthuwo akungomupirira."

Kenaka ndinawaikira Ar Re Yaouank akuyimba plinn. Anamvetsera mpaka kumapeto, chala chikugogoda pa bondo, nafunsa kuti ng'oma yabisala kuti. Nditawauza kuti gululi linalibe ng'oma, anakana, nati mgugu wa mapazi pa matabwa aja ndiyo ng'oma yake, ndipo oyimbawo akuimvera. Atsibweni sadziwa mawu amodzi a Chifalansa, ndipo Bretagne sanamvepo kuti ili kuti, koma anagawa magulu awiriwo mofanana ndi mmene ovina a kumeneko amawagawira.

Izi sizikutanthauza kuti phokoso ndilo tchimo. Gulu la Les Ramoneurs de menhirs, limene linayamba mu 2006, ndi la punk weniweni: Loran, amene kale anali wa gulu la Bérurier Noir, amakwapula gitala yolira mokalipa, kugunda kumachokera m'kamakina, ndipo kutsogolo kumakhala oliza bombarde ndi biniou odziwa ntchito yawo. Munthu angayembekezere chisokonezo, koma nyimbo zawo zambiri zimasunga sitepe ya gule, ndipo m'mavidiyo awo mumaoneka anyamata a tsitsi loimirira akugundana kutsogolo kwa nsanja pamene kumbuyo mzere wa plinn ukuyenda mwadongosolo. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti ankayimba ndi mayi Louise Ebrel, mwana wa mmodzi wa amayi a Goadec aja, amene anabadwa mu 1932 ndipo anamwalira mu 2020. Mayi ameneyu ankakwera nsanja ali ndi zaka zoposa 75, n'kumatsogolera nyimbo za amayi ake gitala ikubangula pambali. Anyamatawo sanamutenge ngati chokongoletsera. 

Nkhani ya chiyankhulo imalowa pomwepa. Cha m'ma 1950 anthu oyankhula Breton, chiyankhulo cha ku Bretagne, anali pafupifupi miliyoni imodzi, koma kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti atsala pafupifupi 200,000, ambiri mwa iwo okalamba, chifukwa kwa zaka zambiri ana ankalangidwa akayankhula chiyankhulochi kusukulu ndipo makolo anasiya kuwaphunzitsa. Sukulu za Diwan, zimene zinayamba mu 1977, zimaphunzitsa m'chiyankhulochi, ndipo gulu la Startijenn linabadwira m'sukulu yoteroyo. Ife kuno Chichewa chili m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko a 2013, koma ana athu ambiri a ku Mbare, Tafara ndi Dzivaresekwa amachimva pa maliro ndi m'nyimbo za Alick Macheso basi. Pa mfundo imeneyi a ku Bretagne sali kutali nafe.

Tikachoka kunyanja n'kulowa pakati pa dziko, ku Auvergne, Berry ndi Limousin, gule wake ndi bourrée. Ameneyu savinidwa mogwirana: anthu awiri kapena anayi amayang'anizana, amayandikirana, amapatukirana n'kusinthana malo popanda kukhudzana. Ku Berry wofala ndi wowerengedwa kawiri, pamene ku Auvergne ndi wowerengedwa katatu mothamanga, ndipo wachiwiriyu ndiye amagwetsa oyimba ng'oma ambiri a rock. Chida cha ku Auvergne ndi cabrette, chitoliro cha thumba la chikopa cha mbuzi chimene sachiuzira ndi pakamwa koma ndi kamvukuto kopanikiza ndi mkono. Wochiliza amakhala pampando, nthawi zina atamanga mangenjeza m'akakolo, n'kumagunda mapazi pansi, kotero kuti munthu mmodzi amakhala bandi yathunthu.

Anthu a ku Auvergne anaonapo kale zimene chida chachilendo chimachita. M'zaka za m'ma 1800 ambiri a iwo anapita ku Paris kukagwira ntchito yotunga madzi ndi kugulitsa malasha, ndipo anatsegula malo omwera ndi ovinira cha ku Bastille, makamaka mumsewu wa rue de Lappe, momwe ankavina bourrée ndi cabrette. Kenaka kunabwera anthu a ku Italy ndi akodiyoni. Poyamba panali mkangano, pambuyo pake zida ziwirizo zinayamba kuyimbira limodzi, ndipo m'kupita kwa nthawi akodiyoni inatsala yokha, cabrette n'kukankhidwira kunja, bourrée n'kulowedwa m'malo ndi magule a valse ndi java. Chamba cha musette, chimene dziko lonse lero limachiyesa chizindikiro cha Paris, chinabadwa motero. Chinatuluka chinthu chokoma, koma gule wa eni ake anatayika m'malo amenewo. Choncho akuluakulu a kumeneko akamakayikira gitala ya magetsi, ali ndi chifukwa chimene mbiri yawo inawapatsa.

Chida chimene chimagwirizana ndi rock mwachibadwa ndi vielle à roue. Kwa ife amene tikudziwa kaligo, tingati ndi kaligo wa nsambo zambiri amene uta wake ndi gudumu la mtengo. Woyimba amachiika pamiyendo, dzanja lamanja n'kumapukusa chogwirira, gudumu lopakidwa utomoni n'kumakhula nsambo zonse nthawi imodzi, ndipo pamalo pokhulapo nsambozo amazikulunga ndi kathonje kuti mawu asakhale okanda. Dzanja lamanzere limakankha timabatani timene timafupikitsa nsambo za nyimbo, pamene nsambo zina zimangolira liwu limodzi losadukiza. Chinsinsi chili pa nsambo imodzi imene inakhazikidwa pa kamtengo kosamatidwa, kamene eni ake amakatcha chien. Woyimba akagwedeza dzanja mwadzidzidzi popukusa, kamtengoko kamanjenjemera n'kulira mokhadzula, ndipo waluso amatha kukaliza kawiri, katatu kapena kanayi pa kuzungulira kumodzi kwa gudumu. Kulira kumeneko ndiko kumauza wovina bourrée poponda. Ndiye kuti chida chimenechi chinali kale ndi ng'oma yake, besi yake ndi mawu ake okalipa, zaka mazana gitala ya magetsi isanapangidwe. Kuchokera mu 1976 osema zida zotere ndi oziyimba ankakumana chaka ndi chaka m'mudzi wa Saint-Chartier, ndipo ena mwa iwo, monga Valentin Clastrier ndi Gilles Chabenat, anayamba kuyimba vielle yolumikizidwa ku magetsi.

M'badwo wa lero wa pakati pa France ndi kummwera wapita patali kuposa a ku Bretagne pa kulimba mtima. Pali gulu la anthu atatu lotchedwa France, momwe Yann Gourdon amayimba vielle ya magetsi pamodzi ndi wa besi ndi wa ng'oma, ndipo chionetsero chawo chonse chimakhala nyimbo imodzi yosaduka: besi imabwereza kamzere kamodzi, ng'oma sizisintha, ndipo vielle imaunjika mawu pamwamba pa mawu mpaka makutu ayambe kumva zinthu zimene palibe akuziyimba. Awa sayimbira gule ndipo sanamizira kutero, choncho ndilibe nawo mlandu, ngakhale kuti kuwamvera pa foni n'kutaya bandulo, chifukwa mayimbidwe otere amafuna zimkuzamawu zogwedeza chifuwa. Gulu la Super Parquet limayimba bourrée ndi cabrette, banjo ndi makina, ndipo limabwereza kamzere ka gule kwa nthawi yaitali osataya kuwerenga katatu kuja, moti anthu amavinadi. Ku Gascogne, cha ku Pau, gulu la Artús linkayimba m'chiyankhulo cha Occitan ndi vielle, ng'oma za bandi, besi ndi chida cha nsambo zomenyedwa ndi kamtengo, ndipo mawu ake anali olemera ndi amdima ngati a magulu a metal. Kwa ine Artús ili pamalire: pena gule amamveka bwino pansi pa phokosolo, pena amasowa, ndipo pomwe wasowa chidwi changa chimachepa ngakhale luso lili lalikulu.

Wokhala mu Harare safunika kuuzidwa kuti ntchito yotereyi ndi yotheka, chifukwa inachitikira pakhomo pathu pomwe m'zaka zomwezo. Pamene Stivell ankadzaza maholo ku France, Thomas Mapfumo ndi oyimba gitala monga Joshua Dube ndi Jonah Sithole ankasamutsira mayimbidwe a mbira pa gitala ya magetsi. Ankatsamiza chikhatho pa nsambo kuti mawu aziduka msanga ngati a mbira, besi inkatenga mawu apansi a mbirayo, ndipo woyimba ng'oma anasiya kukhadzula kwa rock n'kuika kayendedwe ka hosho pa timbale tachitsulo. Mfundo yomalizayi ndiyo inapulumutsa chamba chimenechi cha chimurenga, pakuti ng'oma za bandi zinaphunzira mwambo m'malo mouphunzitsa. M'zaka za m'ma 1980 Mapfumo analowetsa mbira zenizeni m'gulu la Blacks Unlimited, monga momwe a ku Bretagne amaimikira bombarde pambali pa gitala. Magulu a ku France amene ndawayamikira pamwambapa anafika pa yankho lomwelo mwa njira yawoyawo.

Chimene a ku Bretagne ali nacho, chomwe ife Achewa a kuno tilibe, ndi malo amene bandi ndi eni gule amakumanirana usiku umodzi. Pa fest-noz magulu amalandirana nsanja: likatsika gulu la magitala ndi ng'oma, pamakwera okalamba awiri oyimba pakamwa, kenaka oliza zitoliro awiri, kenaka bandi ina, ndipo ovina ndi omwewo usiku wonse. Ngakhale pa chikondwerero cha Yaouank ku Rennes, chimene chinayamba mu 1999 ndipo chimasonkhanitsa anthu masauzande mwezi wa November, dongosolo ndi lomweli. Gulu limene gavotte wake ndi wolemera limadziwa nthawi yomweyo, chifukwa mzere umachepa anthu n'kupita kokamwa, ndipo okalamba aja akangoyamba holo imadzazanso. Woyimba gitala wa zaka 20 amaona zimenezo ndi maso ake sabata ndi sabata, ndipo akafuna kuitanidwanso amakonza kagundidwe kake.

Kuno magule athu ndi mabandi amayenda njira zosiyana. Beni ndi chimtali zimavinidwa pa zochitika za m'makomboni ndi m'mafamu, kapena pa mpikisano wa Chibuku Neshamwari pamaso pa oweruza, pamene mabandi a sungura amayimba m'malo achisangalalo usiku, ndipo ena mwa oyimba besi ndi ng'oma m'mabandi amenewo ndi adzukulu a anthu omwe anabwera kuchokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mangochi. Gule Wamkulu ndimuika pambali, chifukwa ali ndi eni ake ndi malamulo a kudambwe, ndipo si wa aliyense kumutengera pansanja. Koma beni ndi chimtali zilibe chiletso chotero. Nyimbo zake amayi a m'mabungwe a maliro akuzidziwabe, oomba ng'oma a msinkhu wa atsibweni akadalipo ngakhale akutha, ndipo maholo a khonsolo ku Mufakose ndi ku Mabvuku ndi aakulu mokwanira kuti mbali ina kukhale bandi, pakati pakhale bwalo la amayi, ndipo woyimba ng'oma za bandi amuike poti aziona mapazi awo.